Kaseti ija tidaipereka kwa agogo

Ine sindikonda mafilimu oopsa. Ndikangoona magazi pa kanema ndimayang'ana kumbali, ndipo ana anga amandiseka nazo zimenezi mpaka lero, ati bambo wamkuluwamkulu kuopa zithunzi. Komabe pali filimu imodzi yoopsa imene ndaionera katatu konse, mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza. Dzina lake ndi Ringu. Ndi ya ku Japan, idatuluka mu 1998, ndipo amene adaitsogolera ndi Hideo Nakata, potengera buku la Koji Suzuki lomwe lidatuluka mu 1991. Ambiri a inu awerengi mwina mudaonera ya ku America yotchedwa The Ring, ya mu 2002, momwe muli mayi uja Naomi Watts. Imeneyo idangobwereza, gwero la nkhani ndi Ringu.

Koyamba ndidaionera mu Juni 2002, kunyumba kwanga ku Kawale mu Lilongwe. Mnzanga wina wa kuntchito adali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ku Britain, ndipo m'sutikesi mwake mudali makaseti angapo a vidiyo. Adandisankhira imodzi. "Achimwene," adatero uku akumwetulira, "iyi mukaonere usiku ana atagona. Mukatha mudzandiuze." Sindidadziwe chomwe ankasekera. Ndidachizindikira nditaiika kale mudeki: munthuyu adandibwereka kaseti yonena za kaseti yomwe imapha aliyense woionera.

Pabalaza tidalipo anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, ndi banja la nyumba yoyandikana nafe lomwe lidalibe kanema. Kunja kudali kachisanu kaja ka Juni. Anthu a mufilimumo ankalankhula Chijapani, ife n'kumawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi, ine n'kumamasulira mwachidule pomwe ena atsalira.

Nkhani yake ili motere. Pakati pa ana asukulu ku Japan padabuka mphekesera yoti kuli kaseti ina yotembereredwa. Ukangotha kuionera, lamya imalira, ndipo pakatha masiku 7, nthawi yomweyo imene udaionera, umafa. Mayi wina mtolankhani wa pa wailesi ya kanema, Reiko Asakawa, adayamba kufufuza mphekeserayi ngati nkhani wamba ya kuntchito. Posakhalitsa nkhani idamulowera m'nyumba. Mtsikana wa m'banja mwake, Tomoko, adamwalira mwadzidzidzi, ndipo anzake atatu adamwaliranso usiku womwewo, nkhope zitapotoka ndi mantha. Sabata imodzi m'mbuyomo, anayiwa adakagona m'kanyumba kena ka alendo kudera la Izu. Reiko adapita komweko, adaipeza kasetiyo yopanda dzina lililonse pamwamba pake, ndipo monga mtolankhani aliyense wokonda ntchito yake, adaionera.

Zomwe zili pa kasetiyo si zoopsa mmene mungaganizire. Mulibe mpeni, mulibe magazi. Muli mayi akupesa tsitsi pagalasi, zilembo zikuyendayenda ngati nyerere, anthu akukwawa pansi, munthu wofunda kansalu koyera kumutu akuloza chala, diso, kenaka chitsime chili chokhachokha pathengo. Basi. Kaseti itangotha, lamya idalira. Pamenepo mayi a nyumba yoyandikana aja adasendera kufupi ndi amuna awo.

Reiko adathamangira kwa mwamuna wake wakale, Ryuji Takayama, mphunzitsi wa pa yunivesite. Ukwati wawo udatha, koma adali ndi mwana mmodzi, Yoichi. Ryuji adaionera kasetiyo, ndipo adapempha kuti Reiko amujambulire ina yakeyake kuti akaiunike bwinobwino. Reiko adatero. Kanthu kameneka mukasunge, awerengi, chifukwa filimu imakadutsa mofulumira ngati kopanda ntchito. Kenaka chidachitika chinthu chimene kholo lililonse limaopa. Ali kwa bambo ake, komwe adapita ndi mwana, Reiko adadzidzimuka pakati pa usiku n'kupeza Yoichi ali yekha pa kanema, kaseti ikuthera kumene. Kuyambira apo mayiyu sankathamangiranso moyo wake wokha.

Kufufuza kudawafikitsa pa chilumba cha Oshima, komwe adamva mbiri ya Shizuko Yamamura, mayi wa mphamvu yoona zobisika, amene adalosera kuti phiri la Mihara liphulika moto. Dokotala wina, Ikuma, adamutengera pamaso pa atolankhani kuti aonetse mphamvu zakezo. Atolankhani adayamba kumukuwiza kuti ndi wabodza, ndipo amene adayambitsa kukuwako adagwa pomwepo n'kufa. Adamupha sadali Shizuko, koma mwana wake wamkazi, Sadako, amene mphamvu zake zidaposa za mayi wake. Shizuko adadziponya m'phiri lamoto lija. Patapita nthawi dokotala uja adamenya Sadako m'mutu n'kumuponya m'chitsime. Kanyumba ka alendo ka ku Izu kadamangidwa pamwamba pa chitsime chimenecho, ndipo mkwiyo wa mtsikanayu ndi umene udadzijambula wokha pa kaseti.

Pambuyo pake ndidawerenga kuti nkhaniyi ili ndi mizu yake m'dziko la eni ake. Mu 1910 ku Japan kudali mayi wina, Chizuko Mifune, amene ankati amatha kuona zolembedwa m'kati mwa chinthu chotsekedwa. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya ku Tokyo, Tomokichi Fukurai, adamuyesa pamaso pa akatswiri anzake. Nyuzipepala zidamukayikira ndi kumunyoza, ndipo mu Januwale 1911 mayiyu adamwa poizoni ali ndi zaka 24. Chitsime nacho si chachilendo kwa iwo. Ali ndi nthano yakale ya Okiku, mtsikana wantchito amene adamunamizira kuti wataya imodzi mwa mbale 10 za mtengo wapatali, n'kumuponya m'chitsime. Usiku mzukwa wake umawerenga mbale kufika pa 9, kenaka n'kulira. Pa linga lakale la Himeji pali chitsime chomwe chimatchedwa ndi dzina lake. Ngakhale chovala choyera ndi tsitsi lalitali lomasuka ndi mmene Ajapani akhala akujambulira mizukwa ya akazi ofa ndi chidandaulo kuyambira kalekale. Choyeracho ndi chovala cha maliro. Muone apa: m'nkhani zonsezi, mzukwa usadakhale mzukwa udali munthu wamkazi amene anthu adamuloza chala.

Tibwerere ku filimu. Tsiku lomaliza la Reiko litakwana, iye ndi Ryuji adalowa pansi pa kanyumba kaja, adachipeza chitsime, n'kuyamba kukapa madzi ndi ndowa ndi chingwe, dzuwa likupendeka. Potsiriza Reiko adatsikira yekha m'madzi akudawo, adapeza mafupa a Sadako, ndipo m'malo mothawa adawakumbatira ngati mayi akutonthoza mwana. Nthawi yake yofera idakwana, idadutsa, iye ali moyo.

Tonse pabalaza tidapumira m'mwamba. Tidaimva nkhaniyo mwa kwathu. Bambo a nyumba yoyandikana adaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaonatu? Mzimu umangofuna kuikidwa bwino. Apepesa, zatha." Ndi mmene tidakulira: wakufa akadandaula mumafulula mowa, mumathira nsembe, mumalambula pamanda, iye n'kugona.

Koma m'mawa mwake kanema ya m'nyumba mwa Ryuji idayaka yokha. Pagalasi padaoneka chitsime chija. M'chitsimemo mudatuluka Sadako, tsitsi litaphimba nkhope yonse, akuyenda mopotokapotoka kubwera kutsogolo. Atafika pagalasi sadaime. Adatulutsa mutu, kenaka manja opanda zikhadabo, n'kukwawira pansi m'chipindamo. Adaimirira, tsitsi lidapatuka pang'ono, diso limodzi lidayang'ana pansi, Ryuji n'kufa. Wosewera mbali ya Sadako, Rie Ino'o, adamujambula akuyenda chafutambuyo, kenaka adaitembenuza filimuyo, n'chifukwa chake mayendedwe ake sali ngati a munthu. Zimenezi ndikuzidziwa lero, komabe ndikafika pamenepa tsitsi limandiima. Usiku umenewo mayi a kunyumba adakuwa "Mayo!" mpaka galu wa aneba adauwa.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Reiko adadzifunsa kuti, nanga ine ndapulumuka bwanji pomwe mnzanga wafa? Ndidachita chiyani chimene iye sadachite? Yankho lidali kanthu kaja ndati musunge. Kukumbatira mafupa kuja sikudathandize chilichonse. Adapulumuka chifukwa adajambula kaseti ina n'kuipereka kwa munthu wina. Temberero la Sadako silitha ndi kupepesa, limangosamuka. Wofuna kukhala moyo ayenera kupeza wina woti amusenzetse masiku 7 asadathe. Ndipo masiku a Yoichi adali akutha. Reiko adalowa m'galimoto, adaimbira lamya bambo ake omubereka, n'kuwauza kuti ali ndi pempho, ndipo ndi lokhudza Yoichi. Galimoto ikuthamanga pamsewu, kutsogolo mitambo ili bii. Filimu yathera pomwepo.

Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Sindidaganizepo kuti mwambiwu ndidzaupeza ku Japan.

Aneba adapempha kuti ndiwaperekeze ndi tochi, chonsecho nyumba yawo idali pamtunda wa mapazi khumi. Mayi a kunyumba adafundika kanema ndi chitenje, ndipo ataona kuti sizikukwanira adaitembenuzira kukhoma. Onse ankakamba za mtsikana wotuluka m'galasi. Ine ndidagona chagada mpaka atambala, koma osati chifukwa cha Sadako. Chidandisowetsa tulo ndi lamya ija yopita kwa nkhalamba. Lamya yotero ndidaimbapo ine, mu 1997, pansi pa mtengo wa mango kumudzi kwathu.

Kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi malire a Mozambique. Pakati pa 1995 ndi 1997 mbumba yathu idaika maliro atatu a anthu osafika zaka 40: achemwali anga, mwana wa amayi aang'ono, kenaka achimwene anga, amene adali makaniko kuno ku Lilongwe. Onse adadwala nthawi yaitali: kuonda, kutsokomola, kutsegula m'mimba. Amene mudalipo zaka zimenezo mukudziwa chimene ndikunena. Matendawa adapezeka m'dziko muno mu 1985, ndipo pofika nthawi imeneyo wailesi inkachenjeza tsiku ndi tsiku, koma pamaliro dzina lake silinkatchulidwa. Tinkati kaliwondewonde, tinkati magawagawa, tinkati matenda a boma, ndipo mayina onsewa adali a maliro a kwa eni. Pa maliro a kwanu, woyankhula m'malo mwa banja ankangoti malemu adadwala nthawi yaitali. Mankhwala otalikitsa moyo aulere adadzayamba mu 2004. Zisadafike zimenezo, kumva kuti uli ndi kachirombo kudali ngati kulira kwa lamya ya mufilimu muja.

Achimwene ndidawadwazika ndine, mothandizana ndi alamu. Tsiku lina m'chipatala, alamu atapita kukaphika phala, adandikodola kuti ndisendere pafupi. "Mphwanga," adatero, "za magazi zija zabwera. Andipeza nako." Adakhala chete kanthawi, akuyang'ana kudenga. "Koma amayi usawauze. Alamu akowa ndiwauza ndekha." Ndidalonjeza. Iwo sadawauze. Adamwalira mu Ogasiti, ndipo tidanyamula thupi kupita nalo kumudzi.

Kumudziko kudali agogo aang'ono, mng'ono wawo wa agogo ondiberekera amayi. Amuna awo adamwalira kalekale, ana awo onse awiri adafa ali makanda, ndipo ankakhala okha m'kanyumba kaudzu kumapeto kwa mudzi. Nthawi ina ndili Sitandade 2 amayi adadwala miyezi ingapo, ndipo amene adandisunga ndi agogo amenewa. Ndinkagona kumsana kwawo, ankandiotchera mbatata m'phulusa, ndipo nthano zambiri zimene ndimauza ana anga ndidazimva kwa iwo. Ndivomereze kuti adali ndi pakamwa, sankabisa mawu. Mu 1993 amalume adawalanda dimba lawo la kudambo kuti alimemo kachewere wogulitsa. Mlandu utawakanika kwa anyakwawa, agogo adanyamuka, adakung'untha chitenje, n'kunena mawu awiri okha pamaso pa anthu: "Limani. Muona."

Ndi mawu amene nkhalamba iliyonse yokwiya imanena. Kwa zaka zinayi palibe adawakumbuka. Maliro achitatu atachitika, mudzi wonse udawakumbuka tsiku limodzi.

Amalume, monga mwini mbumba, adaoloka malire kukaombeza. Sing'anga adawauza kuti wowononga ali m'banja momwemo, ndi mayi wachikulire, ndipo pali nkhani ya munda. Tandiuzani, awerengi, ndi banja liti kumudzi limene lilibe mayi wachikulire ndi nkhani ya munda? Tsiku lometa, mbumba yonse idasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Anyakwawa adali pampando, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, agogo aang'ono ali pamphasa paokha, miyendo ataongola.

Anyakwawa adali munthu wofatsa ndipo sankafuna kuthamanga nayo nkhani. Amalume atatha kufotokoza za ulendo wawo, iwo adatembenukira kwa ine. "Inu a kutauni," adatero, "mudali naye kuchipatala malemuyu. Tatiuzani, madokotala adati chiyani?"

Ndidayang'ana amayi, maso atatupa ndi kulira. Ndidayang'ana alamu, ali ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 7 pamiyendo. Ndidaganiza za lonjezo langa kwa wakufa. Ndidaganiza za mmene azimayi adzawayang'anira alamu pachitsime. Ndidadziwanso kuti ndikangolitchula dzina la matendawo pa achimwene, ndiye kuti ndalitchulanso pa achemwali ndi pa mwana wa amayi aang'ono, ndipo banja lathu lidzakhala nyimbo m'midzi yonse yozungulira. Zonsezi zidadutsa m'mutu mwanga nthawi yochepa kwambiri. Kenaka ndidayankha kuti, "Adati ndi chifuwa chachikulu. Koma mankhwala sankagwira. Ngakhale madokotalawo adadabwa."

Mawu oyambawo adali theka la choona. Otsirizawo adali bodza lamkunkhuniza. Palibe dokotala amene adadabwa. Sindidatchule dzina la agogo, sindidaloze munthu chala, ndipo kwa zaka zisanu ndinkadzitonthoza ndi zimenezi. Koma aliyense pansi pa mtengo uja ankadziwa tanthauzo la matenda odabwitsa madokotala. Amalume adagwedeza mutu. Anthu adayamba kung'ung'udza.

Agogo aang'ono sadakuwe, sadalumbire, sadatukwane munthu, iwo amene tonse tinkawadziwa ndi pakamwa. Adangoti, "Ngati ndine, ndichoka, ana aleke kufa." Podzuka adadutsa pafupi ndi pomwe ndidakhala n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Iwe, usapite kutauni osadya. Ndakusungira mbatata." Sindidapite kukadya. Ndidaopa kuti anthu andiona ndikulowa m'nyumba mwawo.

Palibe adawamenya. Zidangochitika kuti azimayi adaleka kukapala moto kwawo, ana adayamba kuponya miyala padenga usiku, ndipo akafika pachitsime ena ankanyamula ndowa zosadzaza n'kuchoka. Mvula isadayambe chaka chomwecho adamanga kamtolo, adapinda mphasa, adasenza mphika, ulendo wa kumudzi kwa malemu amuna awo, mtunda woyenda tsiku lathunthu. Mwa mwambo wathu wa chikamwini, kumeneko adalibe malo ngakhale oimika khasu. Adakakhala ngati wopempha. Adamwalira komweko mu 2001. Uthenga udatipeza atawaika kale.

Ana sadaleke kufa. Alamu, atasudzulidwa, adakwatiwanso mu 1998 kumudzi wina, osadziwa chimene adanyamula m'magazi, poti wodziwayo adali ine ndipo ndidatseka pakamwa. Adamwalira mu 2000. Mwana wawo uja adabwera kudzakhala nafe, ndipo usiku umene tinkaonera Ringu adali m'tulo m'chipinda china, khoma limodzi lokha pakati pathu. Mufilimu, wopereka kaseti amapulumukadi. Ife tidaipereka kwa agogo koma sitidapulumutse munthu ndi mmodzi yemwe.

Lolemba ndidabweza kaseti kwa mwini wake. "Nanga mwajambulira ndani, achimwene?" adafunsa uku akuseka. Ndidasekako pang'ono, n'kulowa muofesi.

Pa Khirisimasi chaka chomwecho ndidapita kumudzi. Ndidawapeza amayi pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndidakhala pansi pafupi nawo, ndipo titatha kulonjerana ndidangoti, "Amayi, achimwene adamwalira ndi Edzi. Adandiuza okha kuchipatala. Agogo aang'ono adalibe mlandu."

Sadadzutse mutu. Zala zidapitiriza kusankha nyemba. "Ukuyesa unkadziwa wekha?" adatero. "Ndidabereka ndine. Mlongo wako ndidamusambitsa ndi manja angawa, mkulu wako ndidamuona mmene adathera. Wailesi nanenso ndimamva."

"Nanga bwanji simudanene, amayi?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti anthu aziseka ana anga ali m'manda? Amayi aang'ono aja adali atadya kale zaka zawo. Adalibe mwana woti achite manyazi chifukwa cha iwo." Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka lichero lidayamba kunjenjemera. "Koma ndimawalota," adatero.

Ndiye kuti pansi pa mtengo wa mango uja sindidali ndekha. Amayi ankadziwa. Ndikukhulupirira kuti anyakwawa nawonso ankadziwa, ndipo funso lawo lija lidali khomo limene adanditsegulira kuti nkhalamba ipulumukirepo, ine n'kulitseka. Tidasenza chinthu cholemera, cha manyazi, chopanda mankhwala, ndipo tinkafuna pochitula. Sing'anga adangotilozera nyumba.

Kachiwiri ndidaionera filimuyi pa DVD, kachitatu pa kompyuta, ndili ndekha. Nthawi zonse ziwiri sindinkadikira Sadako. Ndinkadikira Reiko ali m'galimoto. Mayi ameneyu si munthu woipa. Filimu yonse tamuona akuthamanga, akulira, akutsikira m'chitsime chifukwa cha mwana wake, ndipo tamukonda. Chomwe chimandiopsa n'choti akafika posankha, sasankha mdani, sasankha mlendo wa pamsewu. Asankha munthu wokalamba, womukonda, amene akudziwa kuti sangakane. Amawerengera ngati mmene adawerengera amayi anga: uyu wadya kale zaka zake, uyu sadayambe. Ndipo Sadako yemweyo, amene tonse timamuopa, adayamba ndi kuponyedwa m'chitsime kuti ena apeze mtendere. Nakata sationetsa chimene nkhalamba ija idayankha pa lamya. Ine yankho lake ndidalimva ndi makutu anga: ngati ndine, ndichoka, ana aleke kufa.

Sindikufuna kulimbana ndi munthu pa nkhani yoti ufiti ulipo kapena kulibe. Imeneyo timatha nayo mowa osagwirizana. Funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani chala chimagwera munthu amene alibe womuyankhulira? Kwathu sichidagwere amalume, a dimba ndi ngolo ndi ana aamuna asanu. Chidagwera mayi wa mphasa imodzi. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi kumwetsa anthu mwavi lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1911, chaka chomwe Chizuko Mifune adamwalira. Komabe mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'dera lawo powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Chaka chomwecho kampani ya Funai ku Japan, yomwe idatsala yokha pa ntchito yopanga madeki, idasiya kuwapanga. Ana a lero sadziwa n'komwe kubweza kaseti. Koma njira ya Reiko sidalira deki.

Mu 2008 mwana wa achimwene uja adali Folomu 4. Madzulo ena tili awiri pabalaza adatseka buku lake n'kundifunsa kuti, "Adadi, bambo anga adamwalira ndi chiyani kwenikweni? Kumudzi amati adalodzedwa."

Ndidamva lilime likufuna kubwerera njira yake yakale. Chifuwa chachikulu, mwanangu, mankhwala sankagwira. Mawuwo adali okonzeka kale, osalala ngati mwala wa mumtsinje. Koma ndidamuuza zonse. Ndidatchula dzina la matendawo. Ndidamuuza za lonjezo la m'chipatala, za mayi ake ndi chimene sindidawauze, za agogo aang'ono, ndi mawu enieni amene ndidayankha anyakwawa iye ali pamiyendo pa mayi ake.

Masiku atatu sadandilankhule. Chakudya ankandiikira patebulo n'kutuluka. Tsiku lachinayi adaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, "Mayeso akatha mundiperekeze kumanda kwa agogowo."

Tidapita mu Novembala, titakwera minibasi, kenaka njinga za kabaza, kenaka wapansi. Titapempha chilolezo kwa mfumu ya kumeneko, mkulu wina mwa adzukulu amene adakumba nawo manda adatitsogolera. Adayendayenda pakati pa mitumbira akukumbukira, mpaka adaima kumphepete, pafupi ndi chulu. Padalibe mtanda, padalibe chiliza. Mtumbira udali utatsala pang'ono kufanana ndi nthaka. Mwana uja adagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, ine n'kumathandiza mbali inayo. Tidazula osalankhula mpaka pamanda padayera.

Atatha adapukuta manja pachitenje n'kundifunsa kuti, "Adali munthu wotani?"

Tidakhala pansi pomwepo pamthunzi, ndipo ndidayamba ndi mbatata ya m'phulusa.